Moto Pamwamba pa Madzi



Munthu akafika pa Boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire, amaona nsanja ya wotchi imene idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wochokera m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya m'chaka cha 1946. Mbiri ya nyanja yathu imakambidwa chomwecho: akaputeni, mizinga ndi ngozi. Koma tsiku lina nditaima pamenepo dzuwa lili paliwombo, njala itandigwira, ndidadzifunsa kuti, kodi anthu onse amene adayenda panyanjayi, opalasa, osonkhezera moto wa injini, akapolo, ana asukulu ndi apaulendo, ankadya chiyani? Nanga ankaphika pati?

Funsoli likumveka ngati lachibwana, koma taliganizirani. Pamtunda mayi amangoika mafuwa atatu, nkhuni zili pakhonde, mtsuko uli pambali. Pamadzi zinthu n'zotembenuka. Ndiwo zili pansi pa bwato lomwelo, madzi ali ponseponse, koma chovuta ndi moto, ndi poti n'kuuika. Bwato ndi mtengo, chombo ndi matabwa, thanga ndi nsalu, ndipo kwa moto zonsezi ndi nkhuni. Tsono kadyedwe ka anthu a panyanja kadakula motsata funso limodzi lomweli: moto tiuika pati?

Tiyambe ndi bwato la makolo, losema ku mtengo umodzi, limene mpaka lero limaoneka pa Makawa, pa Malembo, pa Msaka ndi pa Chembe. M'kati mwake ndi mopapatiza, mwakuti msodzi amakhala pamilomo ya bwato, miyendo yokha ili m'kati. Muikemo ukonde, nkhafi, chokapira madzi ndi nsomba zimene mukuyembekeza kupha, malo atha. Chifukwa cha ichi, yankho loyamba la makolo lidali losavuta: phikiratu pamtunda, unyamule. Chimenechi ndicho kamba. Paja amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Msodzi ankanyamula mkute, mbatata kapena chinangwa chootcha, chimanga chokazinga, mtedza, ndi thobwa m'chipanda. Zonsezi n'zakudya zosafuna mbale, zodyeka ndi dzanja limodzi pamene linalo lagwira nkhafi. Chimanga chokazinga chili ndi ubwino wina, chimachedwa m'kamwa, motero chimathamangitsa tulo kwa munthu woti achezere usiku wonse.

Sikuti moto sunkakwera m'bwato ayi. Nyali za parafini zisanabwere, usipa ankaukopa usiku ndi miuni ya bango ndi udzu, ndipo muuni ukatha pankafunika poyatsira wina. Akuluakulu amasimba kuti ankatenga phale, kuthiramo mchenga wonyowa, n'kuikapo chikuni kapena makala a moto. Mchenga unkateteza bwato kuti lisapse, phale linkateteza moto kuti madzi a m'bwato asauzime. Kamoto kameneko kankakwanira kuwothera manja m'mwezi wa Juni, kuyatsira fodya, ndi kuwotcherapo usipa ungapo wongovuula kumene. Kuposa apo ayi.

Tsiku lina pa gombe lina la ku Nankumba ndidafunsa mkulu wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Ndidati, "Agogo, nanga nsima munkaphika bwanji m'bwatomo?" Iwo adandiyang'ana kanthawi, kenaka adaseka nati, "Mwanangu, kwanuko mudaonapo munthu akuvundula nsima ali panjinga?"

Yankho limenelo lidanditsegula maso kuposa mabuku amene ndidawerenga. Nsima imafuna mphika wokhazikika. Imafuna manja awiri, lina pamphika lina pamthiko, ndi mphamvu ya msana wonse. Imafunanso moto waukali poyamba. Pamene phala likuwira limalumpha, ndipo funde limodzi lokha likhoza kulikhuthulira pamiyendo ya munthu amene alibe kothawira. Choncho nsima ndi chakudya cha pamtunda, ndipo asodzi a makedzana ankakonza ulendo wawo motsata malo oti akakocheze n'kuphika. Zilumba monga Boadzulu, Domwe ndi Thumbi, ndi timagombe tobisika ku mwera, zidali makhitchini a panyanja.

Kumeneko kaphikidwe kadali ka mphika umodzi, ndipo kali ndi dongosolo lake. Ndiwo zimayamba. Chambo kapena kampango wongophedwa kumene amamupala, kumudula, kuthira madzi ongokwanira kumiza nsombayo ndi mchere pang'ono. Savundula, amangogwedeza mphika kuti nsomba isaphwanyike. Mafuta safunika, popeza nsomba yatsopano imatulutsa akeake. Zikapsa amazitsanulira m'phale kapena pachivundikiro, ndipo mphika womwewo, osautsuka n'komwe, umalandira madzi a nsima. Chifukwa chake n'chakuti ndiwo zimadikira, koma nsima sidikira munthu. Usipa ukachuluka ankaufutsa, ndiko kuti kuuviika m'madzi owira amchere kanthawi kochepa n'kuuyanika, ndipo umenewo unkakhala ndiwo za masiku a mwera pamene bwato silingalowe m'madzi. Chinthu chimene chinkasungidwa ngati mankhwala ndi mchere, pakuti nyanja yathu ndi ya madzi ozizira opanda mchere, ndipo mcherewo unkachokera kutali, monga ku Chilwa.

Onaninso ichi, kuti ophika onsewa adali amuna. Mwamuna yemweyo amene kumudzi sangakhudze mthiko poopa kusekedwa, kunyanja amapakula nsima yosalala bwino. Kawirikawiri ntchitoyi imagwera mnyamata wamng'ono pagulupo, ndipo ndiyo sukulu yake yoyamba asanapatsidwe nkhafi. Amayi ena amene amuna awo amati sadziwa kuphika angachite bwino kukafunsa anzawo a amunawo kugombe.

Cha m'ma 1840 ku Nkhotakota kudakhazikika Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo panyanja padayamba kuoneka zombo za matabwa zoyenda ndi thanga. Mafumu a Chiyao a kumwera kuno, makamaka Makanjira, adakhalanso ndi zombo zawo. Chombo n'chachikulu kuposa bwato, koma chili ndi vuto lake: chimayenda mwa kufuna kwa mphepo. Mphepo ikaleka pakati pa nyanja, palibe gombe lokaphikirapo. Amalinyero a ku nyanja yamchere adali atapeza kale njira yake, bokosi lodzaza mchenga kapena dothi, losonkhapo kamoto kotetezedwa ku mphepo. Ndi nzeru ya phale yomwe ija, yongokulitsidwa.

Pamoto woterowo chakudya choyenera ndi mpunga. A Jumbe ndiwo adakulitsa ulimi wa mpunga ku Nkhotakota, ndipo ine ndimaona kuti mpunga ndi chombo n'zapachibale. Mpunga sufuna kuvundula. Ukawira umangovundikira, kuchepetsa moto, n'kubwerera ku zingwe za thanga. Ukhoza kuikamo nsomba youma pamwamba kuti zipsere limodzi. Ukazizira umadyekabe. Koma tisakometse nkhaniyi mopitirira, chifukwa katundu wamkulu wa zombozo adali minyanga ya njovu ndi anthu. Mphika wa pabokosi la mchenga udali wa eni chombo ndi amalinyero awo. Akapolo opanikizana pansi pa chombo sadali m'chiwerengero cha odya nawo mpungawo. Apa ndi pamene tikuyamba kuona chinthu chimene chidapitirira kwa zaka zambiri, chakuti khitchini ikachepa, imasankha anthu. Zombo za Makanjira zidathiridwa nkhondo ndi Boma la Atsamunda kuyambira m'chaka cha 1891, chaka chimene Kaputeni Maguire adaphedwa atatentha zina mwa izo, ndipo dzina la Fort Maguire lidachokera pamenepo.

David Livingstone adafika kumwera kwa nyanjayi mu Sepitembala 1859, ndipo m'chaka cha 1861 adabweranso ndi boti laling'ono limene adalinyamulitsa podutsa mathithi a Shire. Iye ndi anzake adachita monga asodzi, kuyenda masana, kugona ndi kuphika pagombe, kugula zakudya ndi nsalu ndi mikanda. Namondwe wina adawasunga pa nangula maola angapo osatha kukocheza. Chakumpoto adalawa mkate wa nkhungu, tizilombo touluka tija timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene anthu amatikola, kutiumba ndi kutiphika. Nacho n'chakudya cha apaulendo, chopepuka ndi chosachedwa kukhutitsa.

Kusintha kwenikweni kudadza pa 12 Okutobala 1875, pamene sitima ya Ilala yoyamba idalowa m'nyanja kuchokera mu Shire, itanyamula E. D. Young, Dotolo Robert Laws ndi anzawo opita kukayamba mishoni ku Cape Maclear. Kutalika kwake kudali pafupifupi mapazi 50 okha. Koma idali yachitsulo, ndipo m'mimba mwake munkayaka moto usana wonse. Mwina mungaganize kuti vuto la ophika lidathera pomwepo. Lidangosintha nkhope. Moto waukuluwo udali wa injini, ndipo injini ya nthunzi ndi mlendo wadyera. Nkhuni zake zinkalanda malo a anthu ndi a zakudya, ndipo zikatha sitima inkaima. Livingstone yemwe, pa sitima yake ya Ma Robert ya pa Zambezi ndi Shire, ankadandaula kuti kudula nkhuni kunkatha nthawi yambiri kuposa kuyenda.

Motero m'mbali mwa nyanja mudabadwa malo otengera nkhuni, ndipo Monkey Bay adali amodzi mwa iwo. Pamene amuna ankasenza mitolo kupita m'sitima, amayi ankabwera ndi ufa, mazira, nthochi, nkhuku ndi nsomba zowamba. Nkhuku inkakwera yamoyo, chifukwa kopanda firiji nyama imasungika bwino ili ndi nthenga zake. Njala ya injini ndiyo idadyetsa anthu a m'sitima, pakuti sitima yoima kawirikawiri siyenera kunyamula chakudya cha masiku ambiri.

Sitima zidachuluka. A kampani ya African Lakes, imene timaitcha Mandala, adabweretsa Domira. A mishoni ya UMCA adayamba ndi Charles Janson m'chaka cha 1885, ndipo m'chaka cha 1901 adaika pamadzi Chauncy Maples, imene idapangidwa ku Glasgow n'kudzalumikizidwa kwa Mponda, pafupi ndi Fort Johnston, Mangochi wa lero. Boila yake yokha inkalemera matani 11, ndipo adaikoka pamtunda amuna Achingoni 450. Sitima imeneyi idali tchalitchi, chipatala ndi sukulu nthawi imodzi, ndiponso nyumba ya wansembe William Percival Johnson kwa zaka zambiri. Anyamata ankaphunzira, kugona ndi kudya momwemo. Aliyense amene adadyapo nyemba za kusukulu yogonera komweko aganize za wophika amene ankayenera kudyetsa kalasi yathunthu pakachipinda kogwedezeka.

M'sitima za nthawi imeneyo munkakhala madyedwe awiri. Azungu adali ndi khukhi wawo, chitofu chachitsulo, tiyi, shuga, ufa wa tirigu ndi nyama ya m'zitini. Amalinyero ndi osonkhezera moto ankalandira phoso, ndiye kuti ufa, nyemba ndi mchere, n'kudziphikira okha mumphika umodzi waukulu. Pano nsima idakwera pamadzi monga chakudya cha tsiku ndi tsiku, chifukwa sitima yachitsulo ndi yolemera ndipo mphika ukhoza kumangidwa kapena kupanikizidwa ndi zitsulo. Komabe tsiku la mwera mphika sadzaza, amausiya theka, ndipo wanzeru amaphikiratu m'bandakucha nyanja isanadzuke kapena kudikira kuti aponye nangula.

Za khukhi uja ndikufuna kunenapo mawu awiri, chifukwa mbiri idamuiwala. Mabuku amatiuza kuti mu Ogasiti 1914 Kaputeni Rhoades adatenga Guendolen kupita ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, nakawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Satiuza za munthu amene m'mawa umenewo adadzuka anzake onse ali m'tulo, kukoleza chitofu ndi kupereka tiyi osataya dontho. Munthu wotero ankagwira ntchito pamalo oti akatambasula manja akhudza makoma onse awiri. Chiwiya chilichonse chinkakhala ndi msomali wake. Ankadziwa kuti zoola msanga zidyedwe tsiku loyamba, nyemba ndi nsomba zouma zidikire kumapeto, ndipo madzi ophikira mbatata asatayidwe asanatsukire mbale. Luso lotere silinkalembedwa, linkangopatsirana kuchokera kwa khukhi kupita kwa mnyamata womuthandiza.

Kuyambira m'chaka cha 1915 mpaka 1935 nyanja idaphwera kwambiri mwakuti Shire adaleka kutuluka bwino, ndipo Fort Johnston adayamba kutaya ulemerero wake wa doko. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo pambuyo pake Monkey Bay atasanduka kwawo kwa sitima, zinthu zidasamuka. M'chaka cha 1951 Ilala yachiwiri, yotalika mapazi 172, yopangidwa ndi a Yarrow ku Scotland, idayamba moyo wake pa Monkey Bay. Imeneyi ndi ya dizilo. Nkhuni za injini zidayamba kutha ntchito, ndipo malo otengera nkhuni adazilala pamodzi ndi timisika tawo.

Ilala idabwera ndi khitchini yeniyeni, koma kusankha kuja sikudathe, kudangotsata tikiti. Pamwamba pali chipinda chodyera cha matebulo, pansi pali pogulitsira nsima, mpunga, nyemba ndi nsomba kwa anthu mazana. Ine ndidakwerapo pansipo, ndipo chimene ndidaona n'chakuti kamba wa makolo akadali moyo. Mayi wina amene adakhala pafupi nane adamasula dengu, ndipo mudali chigumu, mazira owiritsa, chinangwa chophika, usipa wokazinga ndi botolo la thobwa, zonse zoyalidwa motsata tsiku loti zidyedwe. Ataona kuti ine ndangonyamula kope ndi cholembera, adati, "Achimwene, mapepalawo mudya? Tengani apa." Sitima ikaima, mabwato amaizungulira ndi nthochi, mango ndi nsomba zowamba, monga momwe agogo awo ankachitira pa nthawi ya nkhuni.

Nawo asodzi adasintha. Agiriki a banja la Yiannakis adayamba usodzi waukulu kumwera kuno m'ma 1930, ndipo m'chaka cha 1968 ntchitoyo idapita m'manja mwa Maldeco. Maboti a matabwa okhala ndi injini adachuluka. M'boti lotere muli malo oika mbaula, imene ndi phale lakale lija litavala chitsulo, kapena pulaimasi, chitofu cha parafini chimene chidapangidwa ku Sweden m'chaka cha 1892. Koma m'boti lomwelo mulinso chigubu cha petulo, ndipo mbaula ndi petulo sizikhalira pamodzi mwamtendere. Asodzi osamala amaika moto kutsogolo, petulo kumbuyo, ndipo sakoleza konse ngati nyanja yavunduka.

Miuni ya bango idalowedwa m'malo ndi nyali za parafini, ndipo m'zaka zaposachedwapa nyali za mabatire ndi za mphamvu ya dzuwa zalanda malo a parafini. Zimenezi zimawala bwino ndipo sizitentha bwato, koma simungawotcherepo usipa kapena kuwothera manja. Siginala amene amakhala yekha m'kabwato ka nyali usiku wonse wabwereranso pamene makolo ake adayambira, pa chakudya chophikiratu, kungoti tsopano ndi mandasi, mabanzi ndi tiyi wa m'fulasiki.

Pamtunda napo moto wakwera mtengo. Mapiri ambiri a m'mbali mwa nyanja ayera, nkhuni zophikira zikulimbirana ndi zowambira nsomba, ndipo kuchokera m'chaka cha 1980 nkhalango za ku Cape Maclear ndi zilumba zake zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, kumene munthu sangangodula mtengo mwakufuna kwake. Nkhuni zikachepa, choyamba kusiyidwa ndi kuwiritsa madzi akumwa. Msodzi amangotunga pambali pa bwato kapena pagombe pamene anthu mazana amasamba ndi kuchapa. Kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 idavutitsa kwambiri boma la Mangochi, ndipo magombe a asodzi adali ena mwa malo oopsa. Thobwa la m'chipanda lija, limene lidali lophika ndi losasa, linkateteza makolo athu m'njira imene iwo eni sankaidziwa.

Ulendo wanga womaliza ku Msaka ndidafika m'mamawa maboti akubwera kumene. Amalonda adali atathamangira kale ku usipa, amayi akuyala pa thandala. Kuseri kwa boti lina logadabuzidwa, mnyamata wa zaka ngati 14 adali atakumba kadzenje mumchenga, ataika miyala itatu, n'kutchinga mphepo ndi chidutswa cha lata. Nkhuni zake zidali timitengo tinayi ndi bango louma. Adayamba ndi utaka, madzi ndi mchere, kugwedeza mphika kawiri, kutsanulira pachivundikiro, kenaka n'kuteleka madzi a nsima mumphika womwewo. Amuna asanu ndi awiri adasamba m'manja m'nyanja nakhala mozungulira. Mmodzi adandikodola nati, "Bambo, bwerani tidye, makina anuwo aziyamba apuma." Ndidazimitsa chojambulira mawu, n'kukasamba m'manja.